Kodi tingamupulumutse nanzikambe pomutsekera m'khola?

M'mapiri a Malawi Hills, m'boma la Nsanje, muli kanyama kena kotalika ngati chala chamkombaphala, masentimita 5 ndi theka basi kakakula. Ndi nanzikambe, koma si uja wobiriwira amene timamuona akuyenda monyang'wa pa mpanda wa maluwa kuno ku Naperi, kapena akudutsa msewu nyengo ya dzinja. Aka n'kofiirira ngati tsamba louma, kamchira kake n'kakafupi, ndipo masana kamakhala pansi m'masamba ogwa n'kumadya tizilombo. Kukada kamakwera pa kanthambi kapafupi n'kugona. Pa dziko lonse lapansi, kwawo kwenikweni n'kumapiri amenewo basi.

Kanalowa m'mabuku a sayansi mu 1992, pamene Colin Tilbury anakafotokoza n'kukapatsa dzina lakuti Rhampholeon chapmanorum. Nthawi imeneyo n'kuti nkhalango yake yayamba kale kutha. Mu 1998 anthu anatengako anankazikambe 37 n'kukawasiya m'kankhalango ka ku Mikundi, makilomita pafupifupi 95 kumpoto, poopa kuti mtunduwo ungathere limodzi ndi mitengo. Zaka zinapita, ndipo ambiri ankaganiza kuti ku Nsanje kanyamaka kanatha. Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Krystal Tolley wa ku South African National Biodiversity Institute, mogwirizana ndi akatswiri a Museums of Malawi, linapita kukafufuza usiku ndi matochi. M'timagawo tiwiri ta nkhalango totsalira ku Malawi Hills anapezamo akuluakulu 17. Ku Mikundi anapeza akuluakulu 21 ndi ana 11. Zotsatira zake zinatuluka mu 2021 m'magazini ya Oryx, ndipo zinasonyeza, kudzera m'zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga, kuti kuyambira 1984 kufika 2019 pafupifupi magawo 80 pa 100 aliwonse a nkhalango ya m'mapiriwo anali atadulidwa.

Munthu akamva zimenezi, maganizo oyamba kubwera ndi achifundo: bwanji osangowatola onse otsalawo, kuwaika m'makola abwino, kuwadyetsa, kuwasamala kuti aswane, nkhwangwa isawapeze? Ku Ulaya ndi ku America kuli anthu ambiri amene amaweta anankazikambe m'mabokosi agalasi ndi m'makola a sefa m'nyumba zawo, ndipo ena mwa iwo amanena ndi mtima wonse kuti akupulumutsa mitundu imene ikutha. Funso limene tikambirane sabata ino ndi lomweli. Kodi n'koyenera kutsekera cholengedwa m'khola n'cholinga chochisunga? Nanga chimene chasungidwacho chimakhala chiyani, ndipo n'cha yani?

Wina anena kuti, chimanga chakwera mtengo chonchi, ife n'kumakambirana za bilimankhwe? Ndikumumvetsa. Koma tikafika kumapeto muona kuti nkhaniyi ili ndi mlimi mkati mwake, ili ndi mnyamata wosowa ntchito, ilinso ndi ana athu a m'makalasi a ana amene amanyamula miyala akangoona kanthu kakugwedera pa nthambi.

Tiyambire pa chidani chathu, poti kuno kwathu vuto si lokonda nanzikambe mopitiriza. Ambiri timamuopa. Tinakula tikumva kuti kukumana naye akudutsa njira ndi malodza, kuti akakuluma sasiya, kuti akakulavulira khungu limasintha. Munthu wachinyengo timamutcha bilimankhwe. Ana a m'midzi yambiri ankamuthira fodya m'kamwa n'kumamuonerera akusintha mtundu mpaka kufa. Muzu wa zonsezi ndi nthano ija yakuti Chauta anamutuma kukauza anthu kuti akafa adzaukanso, koma iye poyenda pang'onopang'ono anapitiriridwa ndi buluzi amene ananyamula uthenga wakuti akafa afa basi. Ndiye imfa tinaisenzetsa kanyama kopanda ululu, kamene sikathamanga n'komwe.

Koma makolo omwewo anatisiyiranso nthano ina, ya ku Kaphirintiwa m'mapiri a Dzalanyama, imene sitiikumbukira kawirikawiri. Imati pachiyambi Chauta, anthu ndi nyama ankakhala pamodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu anapekesa moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinabalalika. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu. Njovu, mkango ndi zinzawo zinathawira kutali zili ndi mkwiyo. Nanzikambe anakwera pamwamba pa mtengo, ndipo Chauta anakwezedwa kumwamba ndi ulusi wa kangaude. Taonani bwino amene analakwa m'nthano imeneyi. Si nanzikambe. Ndi uja anayatsa nkhalango. Ndipo taonaninso kuti nthanoyo imasiyanitsa nyama zimene zinasankha kukhala pakhomo pa munthu ndi zimene sizinatero. Nanzikambe sanabwere kudzapempha khola.

Ife Abahá'í timaphunzitsidwa kufufuza choonadi patokha, osangotsatira zimene tinapeza, ndiponso kuti chipembedzo ndi sayansi ziyenera kuyendera limodzi. Zimenezi sizitanthauza kunyoza nthano za agogo athu. Zimatanthauza kuzimva ngati nthano, kutolamo nzeru, n'kusiya mantha amene alibe umboni. Sayansi imati nanzikambe alibe ululu. Maso ake awiri amayang'ana mbali zosiyana nthawi imodzi, ndipo lilime lake limatha kutalika kuposa thupi lake lonse. Kusintha mtundu kuja si matsenga: mu 2015 akatswiri a pa yunivesite ya Geneva anasonyeza kuti m'khungu lake muli timiyala tating'onoting'ono kwambiri timene tikatalikirana kapena kuyandikana, kuwala kumabwerera ndi mtundu wina. Ndipo sasintha n'cholinga chongobisala. Amasintha akapsa mtima, akaona mnzake, akamva kuzizira kapena kutentha. Kunena kwina, khungu lake ndi pakamwa pake. Kanyama kamene tinakasandutsa chizindikiro cha chinyengo ndi kamene sikatha kubisa zimene kakumva.

Za chifundo kwa nyama, ziphunzitso zathu sizizungulira. Mu Kitáb-i-Íqán, Bahá'u'lláh potchula makhalidwe a munthu wofunafuna choonadi, anaikapo kukomera mtima nyama. Mu Kitáb-i-Aqdas, Buku Loyera Koposa lolembedwa cha mu 1873 ku ‘Akká, analetsa kusenzetsa nyama katundu woposa mphamvu zake, ndipo polola kusaka anachenjeza kuti kusapitirire muyezo. ‘Abdu'l-Bahá anafotokoza chifukwa chake momveka bwino: nyama imamva ululu monga momwe munthu amamvera, koma munthu akalakwiridwa amatha kudandaula, kupita kubwalo, kupeza womuyankhulira, pamene nyama ilibe kokasuma. N'chifukwa chake anati tiyenera kuisamala koposa, ndipo ana aphunzitsidwe zimenezi akadali aang'ono. Anapatulapo nyama zoopsa zimene zingavulaze anthu ndi ziweto. Nanzikambe sali m'gulu limenelo ngakhale pang'ono.

Tsono tiyeni tione zimene khola limatanthauza kwa iye. Galu amasangalala mbuye wake akabwera. Nkhunda zimabwerera zokha m'khola madzulo. Nanzikambe ndi wina. Amakhala yekha, ndipo kuona mnzake pafupi tsiku lonse kumamudwalitsa. Kugwidwa ndi dzanja la munthu, ngakhale lachikondi, kwa iye kuli ngati kugwidwa ndi kabawi. Kawirikawiri samwa madzi a m'mbale. Amanyambita madontho a mame ndi mvula pa masamba, choncho womuweta ayenera kupopera madzi kangapo patsiku. Amafuna kuwala kwa dzuwa kuti thupi lake ligwiritse ntchito mchere womanga mafupa, ndipo akakusowa mafupa amafewa, miyendo imapindika, nsagwada imalephera kugwira chakudya. Oweta a m'maiko ozizira amagula mababu apadera olowa m'malo mwa dzuwa. Wamkazi akasowa dothi loyenera lokumbamo, amasunga mazira m'mimba mpaka kufa nawo. Mitundu ya m'nkhalango za m'mapiri imafunanso chinyezi chochuluka ndi usiku wozizira, ndipo kutentha kukangopitirira pang'ono imafa. Chovuta china n'chakuti amadwala mwakachetechete. Salira, sabuula. Mwini wake amadzazindikira mochedwa.

Sindikunena kuti oweta onse ndi ankhanza. Alipo odzipereka kwambiri, amene amadzuka usiku kuyang'ana kutentha kwa m'bokosi, amene amaweta nkhululu ndi ntchentche kuti ziweto zawo zidye bwino, amene amalemba zonse zimene aona n'kugawana ndi anzawo. Zina zimene tikudziwa lero za kaswanidwe ka nyamazi zinachokera kwa anthu otere. Mitundu iwiri, wina wa ku Yemen ndi wina wa ku Madagascar wa maonekedwe owala kwambiri, tsopano imaswana yambirimbiri m'manja mwa anthu, ndipo aliyense wobadwira m'bokosi akagulidwa, ndiye kuti mwina mmodzi wa kutchire wasiyidwa pamtendere. Mfundo imeneyi ndi yamphamvu ndipo tisaikankhire pambali. Palinso zochitika zenizeni pamene khola linapulumutsa mtundu wonse. Mphoyo yoyera ya ku Arabia inatha kutchire mu 1972, koma zochepa zimene zinasungidwa m'malo osungira nyama zinaswana, ndipo mu 1982 zina zinabwezedwa m'chipululu cha Oman. Pakanapanda mpanda, bwenzi lero tikungoiona pa zithunzi.

Koma chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pa msika wa nyama zokwawa, monga chionetsero chachikulu chimene chimachitika mu mzinda wa Hamm ku Germany, chimene chimakweza mtengo ndi kusowa kwa chinthucho. Mtundu ukalengezedwa kuti watsala pang'ono kutha, kapena kuti umapezeka pa phiri limodzi lokha, ndi pamene ena amaufunitsitsa. Apa pali chinthu chopotoka chimene tiyenera kuchitchula dzina lake: munthu amene chimwemwe chake chili pa kukhala ndi chimene ena alibe, mumtima mwake safuna kuti chinthucho chichuluke. Angathe kulankhula za kuteteza chilengedwe, koma phindu lake ndi kunyada kwake zimakula pamene nkhalango ikuchepa. Ndipo popeza nanzikambe wogwidwa kutchire safuna kudyetsedwa miyezi yambiri monga wobadwira m'khola, amatsika mtengo kwa wogulitsa, ndiye pamakhala chiyeso chomulembera mapepala onena kuti anabadwira m'khola. Ambiri amafera m'njira, atatsekeredwa m'timatumba tansalu m'masutikesi. Ndi chifukwa cha malonda otere kuti pa msonkhano wa maiko a pangano la CITES umene unachitikira ku Johannesburg mu 2016, mitundu yonse ya anankazikambe aang'onoang'ono a mu Africa a gulu la Rhampholeon inaikidwa pa mndandanda wa nyama zosaloledwa kutuluka m'dziko popanda chilolezo. Malawi ali m'pangano limeneli kuyambira 1982.

Palinso vuto lina. Zoswana m'nyumba za anthu sizibwerera kwawo. Palibe njira yochokera m'chipinda cha ku Hamm kukafika ku Nsanje. Woweta amasankha zowala kwambiri kapena zofatsa kwambiri, poti ndi zimene ogula amafuna, ndipo pakapita mibadwo ingapo chotsalacho chimakhala chiweto chooneka ngati makolo ake koma chosayenera nkhalango yawo. Zikathawa kapena kutayidwa m'dziko lachilendo, zimatha kusanduka mliri. Mu 1972 anankazikambe a nyanga zitatu ochokera ku Kenya anamasulidwa pa chilumba cha Oahu ku Hawaii. Anaswana, anafalikira kuzilumba zina, ndipo lero amadya nkhono ndi tizilombo ta kumeneko timene sitipezeka kwina kulikonse. Munthu amene anawamasula sankafuna kuwononga kanthu. Ankangofuna kuti apezeko mphamvu pambuyo pa ulendo wautali.

Kuti timvetse kusiyana kwa mphoyo ya ku Oman ndi nanzikambe wa pa msika, tiganizire za mbuzi yosungitsa. Kumudzi munthu akamapita kutali amasiya mbuzi yake kwa mnansi. Mnansiyo amaidyetsa, amaimangira khola, mwina amapatsidwako mwana mmodzi ngati chithokozo. Koma aliyense m'mudzimo amadziwa kuti mbuziyo si yake. Sangaigulitse chifukwa mtengo wakwera pa msika, sangaiphe chifukwa kwabwera alendo. Tsiku lina mwini wake adzabwera kudzafunsa, ndipo ulemu wa wosungayo uli pa kubweza mbuzi yonenepa, ili ndi ana. Khola la mbuzi yosungitsa ndi khola la mbuzi yako zimamangidwa ndi mitengo yofanana. Kusiyana kuli pa funso limodzi: kodi pali tsiku lobweza?

Mu 1995 bungwe loimira Abahá'í a dziko lonse, la Bahá'í International Community, linatulutsa chikalata chonena za chitukuko cha mtundu wa anthu, ndipo mmenemo anthufe tinatchedwa osungira chabe chuma cha dziko lapansi ndi mitundu yosiyanasiyana ya zamoyo zake. Maganizo amenewa ali ndi mizu m'Zolembedwa za Bahá'u'lláh, amene anaphunzitsa kuti chilengedwe ndi chionetsero cha Chifuniro cha Mulungu, ndiponso kuti cholengedwa chilichonse chili ndi chizindikiro cha dzina lina la Mlengi wake. Ngati zili choncho, kanyama ka masentimita 5 ndi theka kaja si katundu wopanda mwini amene aliyense wofika msanga angatole. Ndi mbuzi yosungitsa. Ndipo eni ake odzafunsa akuphatikizapo ana a ku Nsanje amene sanabadwe.

Maganizo anga ndi awa. Khola n'lololedwa pamene lili ngati chipatala: munthu amagonekedwamo chifukwa akudwala, pali madokotala odziwa ntchito, pali kaundula, ndipo cholinga cha onse n'chakuti atuluke. Malo osamalira nyama a Lilongwe Wildlife Centre amagwira ntchito mwa njira imeneyi, kulandira nyama zovulala ndi zolandidwa kwa ozembetsa n'kubweza kutchire zimene zingathe kubwerera. Khola la mtundu umenewu limayendetsedwa poyera, ndi chilolezo cha boma la dziko limene nyamazo zinachokera, ndipo ndalama zake zina zimapita kukakonza malo amene nyamazo zidzabwerere. Koma khola limene cholinga chake ndi khola lomwelo, limene chitseko chake chimangotsegukira mkati, ndi ndende ngakhale litakhala loyera bwanji.

Wina angafunse kuti, ngati kanyamako kakudya, kakuswana, sikakuopa njoka kapena moto wa tchire, kataya chiyani? Funso limeneli ndi lovuta kuposa mmene likumvekera, chifukwa sitingalowe m'mutu mwa nanzikambe. Ziphunzitso zathu zimati nyama ilibe mzimu woganiza monga wa munthu, choncho sikhala pansi n'kumalakalaka kwawo monga amachitira m'bale wathu amene ali ku Johannesburg. Komabe ‘Abdu'l-Bahá, m'nkhani zake zosonkhanitsidwa m'buku la Some Answered Questions lomwe linatuluka mu 1908, anafotokoza kuti gulu lililonse la zolengedwa lili ndi ulemerero wake, ndipo popereka chitsanzo cha nyama anatchula mbalame yomanga chisa pamwamba pa mtengo wa m'phiri, imene minda yonse ndi madambo onse ali ngati chuma chake. Ubwino wa nyama uli pa kugwiritsa ntchito mokwanira mphamvu zimene inapatsidwa, m'malo amene mphamvuzo zinapangidwira. Khungu looneka ngati tsamba louma linapangidwira pansi pa nkhalango. M'bokosi lagalasi silibisa kanthu kwa aliyense. M'buku lomwelo anaphunzitsanso kuti zolengedwa zonse n'zolumikizana ngati ziwalo za thupi limodzi. Diso losungidwa bwino m'botolo likadali diso, koma silikuona, ndipo thupi limene linachokamo latsala ndi chibowo.

Pano ndimakumbukira mbiri ya Bahá'u'lláh Mwini, amene anafika mu mzinda wa ndende wa ‘Akká mu 1868 ndipo anakhala zaka 9 osaona msipu wobiriwira. Atatchula zimenezi, ‘Abdu'l-Bahá anayesetsa mpaka anamupezera nyumba ya kumudzi ku Mazra‘ih mu 1877. Sindikuyerekeza Mthenga wa Mulungu ndi kanyama, kutalitali. Ndikungoti ife amene timaphunzitsa ana athu mbiri imeneyi tiyenera kukhala omaliza kunena kuti chakudya ndi denga n'zokwanira.

N'chifukwa chake zimene zinachitika ku Mikundi mu 1998 ndimaziona kuti zinali zanzeru. Anthu aja sanatengere anankazikambe 37 kunyumba kwawo. Anawasamutsira m'nkhalango ina yofanana ndi yawo, ndipo patapita zaka 18 anapezeka ali ndi ana. Komabe ofufuza a mu 2016 atayeza chibadwa cha magulu atatu aja anapeza kuti magulu a m'timagawo totsalira asiya kusakanikirana. Kanyama kameneka sikadutsa munda wa chimanga kuti kakapeze mnzake m'kankhalango kena. Choncho kagawo kalikonse kasanduka khola lopanda mpanda, mmene achibale akukwatirana okhaokha. Zimene ofufuzawo anapempha ndi kuleka kudula kotsalako ndi kubzala mitengo yolumikiza timagawoto.

Apa ndi pamene mlimi akulowa, ndipo tiyenera kulankhula za iye mwachilungamo. Amene anadula nkhalango ya Malawi Hills si munthu wodana ndi nanzikambe. Ndi bambo kapena mayi amene kuchigwa madzi a Shire amamukokololera munda chaka ndi chaka, kapena dzuwa limawotcha mbewu zisanache, ndiye wakwera kuphiri kumene kuli chinyezi kuti ana adye. Kumuuza kuti asiye khasu chifukwa cha kanyama kamene agogo ake ankati ndi malodza, popanda kumuonetsa kumene nsima ichokere, n'kumuchitira chipongwe. Ndipo munthu wa ku Ulaya amene amawononga ndalama zambiri pa mababu ndi makina opopera madzi a bokosi limodzi, koma sanatumizepo kanthu kothandiza mudzi woyandikana ndi nkhalangoyo, wakonda chiweto chake, sanakonde mtunduwo. Umodzi wa mtundu wa anthu umene timauphunzira umafuna kuti mtolo wosunga chinthu cha dziko lonse usagwere pa msana wa wosauka yekha.

Komanso anthu a ku Nsanje sakusowa kuphunzitsidwa kuti nkhalango ingasungidwe. Msitu wa Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona, wakhala zaka mazana ambiri popanda mpanda wa waya, chifukwa anthu anagwirizana kuti mmenemo nkhwangwa silowa. M'midzi yambiri ya dziko lino mitengo yachilengedwe yotsala ili kumanda. Chimene chimasunga malo amenewa ndi ulemu, ndipo ulemu ndi chinthu chauzimu. Ntchito yathu yomanga midzi ndi madera ikukhudza pomwepo: anthu kukhala pansi, kukambirana momasuka, mfumu, amayi, achinyamata, n'kugwirizana okha za malo amene sadzakhudzidwa ndi za njira zina zopezera chakudya.

Ife a mu Blantyre tilibe choimira pachulu. Phiri la Ndirande tinalimeta tikuona. Phiri la Soche, limene timaliona tikangotuluka pakhomo, linatha mitengo chifukwa cha makala ndi nkhuni zimene timaphikira ife tomwe, ndipo nyumba zinakwera mpaka m'mapewa mwake. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula yosalekeza masiku angapo, matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. Mvula imeneyo inali yoopsa mwa iyo yokha, koma phiri lopanda mizu silinathe kugwira dothi lake. Ambiri a ife tinapita kumaliro amenewo. Nkhalango ikamatha, tinyama tating'ono ndi timene timayamba kusowa, mwakachetechete, zaka zambiri madzi asanafike pakhomo pathu.

Tsopano mnyamata uja. Tiyerekeze kuti ndi mmodzi wa achinyamata a gulu lathu lino, wamaliza Fomu 4, ntchito palibe. Wina wamulembera pa WhatsApp kuti akapita ku Mulanje n'kukatola anankazikambe khumi a m'nkhalango ya chigwa cha Ruo, alandira ndalama yoposa imene angapeze pa miyezi iwiri yogulitsa mayunitsi. Womutumayo akumuuza kuti si kuba, poti kanyamako palibe akukafuna, ndiponso kumene kakupitako kakasamalidwa bwino kuposa kuphiri kumene anthu amayatsa moto. Timuuza chiyani? Choyamba n'chapafupi: lamulo la National Parks and Wildlife Act, limene linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kugwira, kusunga kapena kutulutsa nyama zotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo pa milandu ikuluikulu chilango chimafika zaka 30 m'ndende. Mbahá'í amamvera malamulo a dziko lake. Ndipo zikavuta, amene amagwidwa pa rodibuloko ndi wonyamula chikwama, pamene womutuma wazimitsa foni. Koma ndingakonde kuti mnyamatayo akane pa chifukwa chozama kuposa kuopa apolisi: kuti ntchito yochitidwa ndi mtima wotumikira ndiyo kupembedza, ndipo ntchito imeneyi situmikira aliyense kupatula chilakolako cha munthu mmodzi. Koma tikamuuza kuti akane, tisabalalike titangonena ameni. Gulu limene lamuletsa njira imeneyo lili ndi udindo wokhala naye pansi n'kuganizira njira ina. Kuphiri komweko kuli achinyamata amene amapeza ndalama poperekeza alendo, ndipo mlendo wofuna kuona nanzikambe ali pa nthambi yake amalipira lero, wina n'kudzalipiranso mawa, kanyamako kali pomwepo.

Ku Mulanje komweko kuli nkhani ina imene imandisangalatsa. Mtundu wina wa nanzikambe wa m'nkhalango za phirilo unafotokozedwa koyamba ndi Donald Broadley mu 1965. Mu 2006 akatswiri ataona kuti ndi wosiyana ndi ena onse, anaupatsa gulu lakelake, ndipo dzina la gululo analitenga ku Chichewa: Nadzikambia. Wachibale wake anapezeka pa phiri la Mabu ku Mozambique n'kulembedwa mu 2010. Choncho wophunzira wa ku Tokyo kapena ku London akamawerenga za nyama zimenezi amatchula liwu la agogo athu, pamene mdzukulu wa agogowo akutola mwala.

Kuno ku Naperi sitidzakumana ndi kanyama ka ku Nsanje, ndipo ochepa mwa ife adzalandira uthenga wonga wa mnyamata uja. Amene tidzakumana naye ndi wobiriwira wamba uja, makamaka nyengo ya mvula, pamene aakazi amatsika pansi kukakumba dzenje loikiramo mazira ndipo magalimoto amawaponda ambiri. Aphunzitsi a makalasi a ana ndi otsogolera magulu a achinyamata achisodzera adzaona zinthu ziwiri. Mwana wina adzafuna kumupha. Wina, amene phunziro la chifundo lamulowa, adzafuna kumuika m'katoni kapena m'chigubu chodula pamwamba n'kupita naye kunyumba, n'kumuikira masamba a kabichi amene sadya. Wachiwiriyu ndi wovuta kumukonza, chifukwa mtima wake uli bwino ndipo tikamukalipira tithyola chinthu chabwino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ana akhale pansi mozungulira, patali pang'ono, aone mmene diso limodzi likuyang'ana kutsogolo lina kumbuyo, awerenge zala zake zogwirana ziwiri mbali ina zitatu mbali ina, adikire mwina aona lilime likutuluka. Ngati ali pamsewu, muikireni kamtengo patsogolo akwerepo yekha, osamukoka, chifukwa zala zake zimagwira zolimba ndipo zingavulale. Muwolotsereni mbali imene amalowera, osati imene wachokera, apo ayi abwereranso pamsewu pomwepo.